Masiloti awiri, mapoti awiri: lipoti la kukweza kompyuta ya shopu yosindikiza pa Chitakale

Kompyuta ya nkhani ino ndi ya shopu ina yotayipa ndi kusindikiza zikalata pa Chitakale, ku Mulanje. Chipinda ndi chimodzi: fotokope pakona, pulinta pashelefu, makina omatira ziphaso m'pulasitiki, ndi kompyuta imodzi yokha ya patebulo yomwe ntchito yonse imadutsirapo. Makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za maliro ndi maukwati, zithunzi za ziphaso, ndipo temu ikamatha, mayeso a masukulu a pulayimale a m'derali. Dandaulo linabwera mu Juni, chiperoni chitagwira, aphunzitsi atayamba kale kusiya mafunso olemba pamanja a mayeso a temu yachitatu.

Mayi eni shopu anafotokoza motere: "Achimwene, makinawa akhala akuyenda ngati birimankhwe kuyambira chaka chatha. Mnyamatayu akayatsa m'mawa, amasesa, kukolopa, n'kubwerako isanatseguke. Anthu anatiuza kuti vuto ndi RAM, ndiye ndinatuma mlongo wanga ku Limbe, anagula ziwiri. Dzulo taika, pano yakaniratu kuyaka."

Ndiye kuti matenda anali atapezedwa kale ndi anthu odutsa, mankhwala atagulidwa, wodwala atamwetsedwa. Ntchito inayambira pamenepo.

Makinawo ndi malire ake

Ndi Dell OptiPlex 3020 ya bokosi laling'ono lija amati SFF, mtundu wa cha m'ma 2013 ndi 2014, womwe umabwera kuno utagwira kale ntchito m'maofesi a kunja. Purosesa ndi Intel Core i3-4130, chipset ndi H81. Munali RAM imodzi ya 4GB (RAM ndi pomwe kompyuta imasunga kwakanthawi zomwe ikugwira pa nthawiyo) ndi hadi disiki yaikulu ya mainchesi 3.5, ya 500GB.

Makina amenewa ndi olimba, koma anapangidwira ofesi, osati munthu wofuna kumawonjezera zinthu chaka ndi chaka. Masiloti a RAM ndi awiri basi, iliyonse imalandira mpaka 8GB ya DDR3, zonse pamodzi 16GB. Mapoti a SATA, polumikizira madisiki, ndi awiri: SATA0 ya liwiro la 6Gb/s ndi SATA1 ya 3Gb/s, ndipo onse anali otengedwa kale, ina ndi hadi disiki, ina ndi DVD. Malo a M.2, olowetsapo madisiki ang'onoang'ono amakono, palibe. Pawa sapulayi ndi ya 255W, ndipo pulagi yake yopita pa bolodi lalikulu la makinawo ili ndi mapini 8, osati 24 aja tinawazolowera. Moto wa madisiki umachokera pa bolodi lenilenilo kudzera pa kachingwe kake. Choncho sungatenge pawa sapulayi wamba n'kuikamo, ndipo nthambi za moto zotsala zoti ulumikizepo disiki yachitatu mulibe. Pa makina otere chilichonse cholowa chimatulutsa china. N'chifukwa chake palibe china chinagulidwa tisanamalize kufufuza.

Kuidzutsa

Ikayatsidwa, fani inkazungulira, batani la moto linkaphethira kuwala kwa mtundu wa olenji, sikirini ili bii. Mnyamata wotayipa ataona kuti ma RAM atsopano akana, anabwezeramo yakale, koma inakanabe, ndipo apa ndi pomwe mantha anagwira kuti bolodi lapsa.

Bolodi linali bwinobwino. Titazula chingwe cha magetsi, kudina batani n'kuligwira masekondi 15 kuti moto wotsalira uthe, n'kutsegula bokosi, tinapeza RAM yakaleyo italowa mbali imodzi yokha. Kachotsekera ka mbali inayo kanali kasanatseke. M'bokosi la SFF masilotiwa amakhala kunsi kwa khola la disiki, ndipo munthu akapanda kuchotsa kaye DVD ndi kholalo amakankha RAM mopendeketsa, osaona chomwe akuchita. M'kati monse munali fumbi la pamsewu losakanikirana ndi ufa wa tona ya fotokope, chinyontho chitaligwiriza mpaka kumata ngati phala. Tinapemerera ndi bulowa panja, fani itagwiridwa ndi chala kuti mphepo isaizunguze mopitirira, n'kubwezera RAM mpaka zotsekera zonse ziwiri zitalira. Inayaka.

Chilembo chimodzi pa sitika

RAM yakale inalembedwa kuti 4GB 1Rx8 PC3-12800U. Zatsopano zija zinalembedwa 8GB 2Rx4 PC3-10600R. Wogula anayang'ana DDR3 ndi 8GB, n'kuona kuti zonse zili m'malo. Vuto linali pa chilembo chomaliza. U ndi RAM wamba ya kompyuta za patebulo. R ndi ya maseva, yomwe ili ndi chipu chowonjezera pakati chomwe mauthenga amayamba adutsapo, ndipo purosesa ya i3-4130 pa bolodi ili siidziwa kulankhula nayo. S ndi ya laputopu, yaifupi, ya mapini 204, ndiye imeneyo sikusokoneza chifukwa siingalowe n'komwe. Koma R ndi U za DDR3 zonse zili ndi mapini 240 ndipo kampata kake kali pamalo amodzi, choncho R imalowa bwinobwino m'siloti, n'kungokhala chete.

Ma RAM a maseva akale amapezeka otchipa pamsika, ndipo kutchipako ndi komwe kumakopa. Sitika ikakhala yofufutika, werengani machipu. RAM wamba imakhala ndi machipu 8 kapena 16. Mukaona 9, 18 kapena 36, kapena kachipu kosiyana ndi ena pakati penipeni, isiyeni. Samalaninso ndi zolembedwa x4 ngakhale zitakhala U, zija amazitsatsa kuti ndi za AMD zokha. Mabolodi a Intel a m'badwo uwu samazilandira.

Kunali koyenera kuti wotumidwa ku Limbe apite ndi chithunzi cha sitika ya RAM yakale pafoni. Ulendo wachiwiri anapita nacho.

Zomwe Windows inaonetsa

Ngakhale ma RAM aja akanakhala oyenera, mayiwo sakanaona kusintha, ndipo zifukwa zake zinali ziwiri.

Choyamba chinali pa tsamba la About: 32-bit operating system, x64-based processor. Wina anaikamo Windows 10 Pro ya 32-bit pa makina a 64-bit, mwina chifukwa ndi yomwe inali pa fulashi yake tsiku limenelo. Windows ya 32-bit singagwiritse ntchito RAM yopitirira 4GB, ndipo pa 4GB pomwepo mbali ina imatengedwa ndi zida za pa bolodi. Apa inkaonetsa 3.4GB yogwira ntchito. Ukaikamo 16GB, BIOS, pulogalamu ya pa bolodi yomwe imayambitsa makina, iona 16GB, koma Windows ikhalabe pa malire omwewo. Njira yosinthira kuchoka ku 32-bit kupita ku 64-bit mapulogalamu ali momwemo palibe. Pamafunika kuika Windows mwatsopano.

Chachiwiri chinali pa Task Manager. Purosesa inkakhala pansi pa 20 peresenti, RAM cha m'ma 80, koma disiki inamatirira pa 100 peresenti kwa mphindi zoposa khumi ikangoyaka, pomwe zomwe inkawerenga zinali zosafika 2MB pa sekondi. Disiki yotanganidwa chonchi koma yosatulutsa kanthu ndiye kuti ikubwerezabwereza kuwerenga malo omwe akukana. CrystalDiskInfo, pulogalamu yoona thanzi la disiki, inatsimikiza: chizindikiro chachikasu cha Caution, mzere wa 05 wa masekita (timagawo ta disiki) osamutsidwa uli pa mazana angapo, mzere wa C5 wa masekita okayikitsa uli pa 40 ndi kanthu. Titayang'ananso patapita ola limodzi, C5 inali itakwera. Nambala yaikulu yokhazikika ikhoza kukupatsa miyezi. Nambala yomwe ikukwera uli pompo ndiye kuti disiki ili paulendo.

RAM inali yochepadi, ndipo kuchepako kunkawonjezera vuto, chifukwa ikadzaza Windows imatsanulira zotsala pa disiki, disiki yomwe ikudwala kale. Koma chopulumutsa mwachangu sichinali liwiro. Mayeso a masukulu asanu, otayipidwa theka, anali pa disiki imeneyo, opanda kope kwina kulikonse.

Kupulumutsa mafayilo

Pa disiki yotere musayambe ndi chkdsk /r, musachite defrag, ndipo musayese kukopa disiki yonse ndi pulogalamu wamba. Zonsezi zimaikakamiza kuyendera malo aliwonse owonongeka, ndipo ikhoza kufera m'njira zofunika zisanatuluke. Tinayamba ndi foda ya mayeso, kenako zikalata za makasitomala, zithunzi pomaliza chifukwa ndi zolemera.

Tinakopera pa disiki ya kunja pogwiritsa ntchito robocopy, lamulo la Windows lokopera mafayilo, titawonjezera /R:1 /W:1 kuti fayilo yokana iibwereze kamodzi kokha, itadikira sekondi imodzi. Zimenezi si zokongoletsa. Mukasiya momwe ilili, robocopy imayesa fayilo yokana ka 1,000,000, ikudikira masekondi 30 pakati pake, ndiye fayilo imodzi yovunda imaimitsa ntchito yonse. Zinatenga madzulo onse. Zithunzi 11 zakale zinakana. Mayeso onse anatuluka amoyo.

Pa shopu yosindikiza pali zinthu zitatu zomwe amisiri timakonda kuiwala chifukwa sizikhala mu Documents. Mafonti, a mu C:\Windows\Fonts ndi a mu AppData\Local\Microsoft\Windows\Fonts. Akasowa, makadi a ukwati ndi ndondomeko za maliro zomwe anasunga ngati zitsanzo zimasokonekera mizere yonse. Normal.dotm, momwe muli makonzedwe a Word omwe wotayipa anazolowera. Ndi CUSTOM.DIC, momwe mnyamata uja kwa zaka anakhala akuwonjezera mayina a anthu, midzi ndi mawu a Chichewa kuti Word isamawalembe mzere wofiira. Kanthu kochepa, koma kwa munthu wotayipa mayeso a Chichewa tsiku lonse si kochepa.

Zisankho

Ndalama zinali zomwe zinapita kale pa ma RAM awiri aja, ndi pang'ono zowonjezera. Wogulitsa anavomera kubweza. Funso linali loti ndalamazo zigawidwe bwanji.

Pa RAM panali njira zitatu: kuwonjezera 4GB kukhala 8GB, kuwonjezera 8GB kukhala 12GB, kapena kuchotsa yakale n'kuika za 8GB ziwiri. Ya 4GB ikanakwanira lero, koma ikanadzaza siloti yomaliza ndi kanthu koti mawa kadzachotsedwenso. 16GB ndi yokoma kumva, koma Word, pulogalamu ya zithunzi ndi Chrome sizifika kumeneko, ndipo ndalama yake ikanadya ya SSD, disiki yothamanga yopanda mbale yozungulira, yoti ilowe m'malo mwa hadi disiki yodwalayo. Tinasankha 8GB imodzi. Ma RAM osiyana kukula amagwira ntchito pa mabolodi a Intel: 4GB ya mbali iyi ndi 4GB ya mbali inayo zimayenda limodzi pa njira ziwiri, 4GB yotsalayo imayenda pa njira imodzi. Poyerekeza ndi RAM imodzi yomwe inalimo, ndi kupindula kale, makamaka chifukwa zithunzi za pa sikirini pa makinawa zimadalira RAM yomweyo kudzera mu Intel HD 4400. Ndipo tsiku lomwe adzafune 16GB, adzangosintha imodzi.

Yomwe inapezeka inali 8GB 2Rx8 PC3L-12800U. L imeneyo ikutanthauza kuti imayenda pa 1.35V, pomwe yakale ndi ya 1.5V. Si vuto, chifukwa DDR3L imapangidwa kuti izithanso kuyenda pa 1.5V. Komabe zosakaniza zotere sizikhulupiriridwa pa sitika pokha, zimayesedwa.

Pa disiki, mnyamata uja anafunsa za NVMe, mtundu wina wa SSD, atamva kuti ndi yothamanga koposa. N'zotheka kuiika pa kadi yolowa mu siloti ya PCIe, ndipo Windows 10 iiona ngati disiki yosungira zinthu, koma BIOS ya makinawa siyambitsa Windows kuchokera pa NVMe. Alipo omwe amasintha BIOS kuti itero; pa kompyuta yomwe banja likudyera, mayeso ali pamzere, zimenezo tinazikana. Siloti yaing'ono ya x1 nayo imathera cha pa 500MB pa sekondi, zosaposa SATA. Tinasankha SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 480GB. Purosesa sitinaikhudze; sinali yopanikizika.

Panatsala zithunzi ndi zikalata zakale, zomwe zimachuluka mwezi uliwonse. Poti yachiwiri inali ndi DVD, ndipo mayiwo sanakumbuke n'komwe tsiku lomwe anaitsegula komaliza. Makasitomala amabwera ndi fulashi kapena amatumiza pa WhatsApp. DVD inatuluka, m'malo mwake munalowa kadi (caddy), kabokosi kooneka ngati DVD, yomwe m'kati mwake mumakhala disiki ya laputopu, ya 1TB. Ziwiri zoti musamale apa. Makadi amenewa alipo a 12.7mm ndi a 9.5mm, yezani kukhuthala kwa DVD yomwe mwachotsa musanatume munthu, ya pa makinawa inali 12.7mm. Komanso pulagi yaing'ono ya moto ya DVD imapereka 5V yokha, yomwe ikwanira disiki ya mainchesi 2.5 koma osati yaikulu ya 3.5, yomwe imafunanso 12V. Hadi disiki yakale sinabwerere m'bokosi ngakhale ngati yosungira zinthu. Mayiwo anadandaula kuti 500GB ikutayika chabe, koma nkhokwe yodontha sasungiramo chimanga.

Kuika ndi kuyesa

SSD isanalowe, tinaidzaza ndi H2testw kuti titsimikize kuti 480GB yolembedwa pa bokosi ilimodi, popeza zabodza zilipo pamsika. Inadutsa.

MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, ndi yomwe inatiimitsa. Ma RAM onse awiri ali m'kati, zolakwika zinayamba kutuluka mkati mwa ulendo woyamba. Apa n'kosavuta kunena kuti RAM yatsopano ndi yowonongeka, kapena kuti mavoti akulimbana, n'kutumanso munthu pa minibasi ya ku Limbe kachitatu. Tinayesa imodziimodzi. Yatsopano yokha mu siloti yoyamba, DIMM1, palibe cholakwika. Yakale yokha mu DIMM1, palibe. Iliyonse mwa ziwirizi ikalowa mu siloti yachiwiri, DIMM2, zolakwika. Vuto linali siloti, yomwe inakhala yopanda kanthu kwa zaka zambiri, pakamwa pali yasa, ikumeza fumbi ndi chinyontho cha ku Mulanje, kenako RAM ya seva ija n'kudzalikankhira fumbilo m'kati. Tinaitsuka ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi kofewa, n'kulowetsa ndi kutulutsa RAM kangapo kuti mapini apalane, n'kuisiya iume. Spiriti wa pepo uja wogula ku golosale musamugwiritse ntchito pano. Ali ndi madzi ndi utoto zomwe zimatsalira pa mapini. Titayesanso, maulendo anayi athunthu anadutsa opanda cholakwika.

Windows 10 Pro ya 64-bit tinaika kuchokera pa fulashi ya 8GB yokonzedwa ndi Rufus, pa GPT (kagawidwe katsopano ka disiki) ndi UEFI (njira yatsopano yoyambitsira Windows), BIOS ili pa AHCI (njira yoyendetsera madisiki a SATA). Fayilo yake imaposa 5GB, choncho itsitseni kwanu musanapite, osati pa bandulo ya kasitomala. Disiki ya 1TB inali yozula nthawi yonse yoika Windows, chifukwa madisiki akakhala awiri, Windows nthawi zina imaika mafayilo oyambitsira pa disiki yachiwiri, ndipo tsiku lomwe yachiwiriyo idzafe, kompyuta imakana kuyaka SSD ili bwinobwino. Laisensi inabwerera yokha italumikizidwa pa intaneti. Imatsatira bolodi ndi mtundu wa Windows, osati 32 kapena 64. Madiraiva a 64-bit a pulinta ndi sikana tinawapeza tisanafomate chilichonse. Akanapanda kupezeka, dongosolo lonse likanasintha, chifukwa shopu yosindikiza yopanda pulinta si shopu.

Titamanga zonse, CrystalDiskMark inaonetsa SSD ikuwerenga cha pa 270MB pa sekondi, theka la zoyembekezera. CrystalDiskInfo inalemba SATA/300 pomwe SSD imatha SATA/600. Pobwezera zingwe, ziwirizo zinasinthana: SSD inapita pa SATA1, disiki ya m'kadi pa SATA0. Titasintha, inafika cha pa 540. Kunena zoona, wotayipa sakanazindikira kusiyanako, chifukwa phindu lalikulu la SSD lili pa kupeza msanga timafayilo ting'onoting'ono popanda singano yoyendayenda pa mbale. Koma poti yothamanga ndi imodzi yokha, ndipo hadi disiki ya laputopu siingadzaze ngakhale yochedwayo.

Kuyaka kunachoka pa mphindi zoposa zinayi kufika pa masekondi 20. Word, Chrome ndi pulogalamu ya zithunzi zitatsegulidwa pamodzi, RAM inkakhala pakati pa 6GB ndi 7GB, umboni woti 8GB ikanakhala yothina ndipo 16GB ikanangokhala. Mayeso anatuluka pa nthawi yake.

Patatha masabata atatu

Foni inalira m'mawa. "Achimwene, zija zabwerera. Ikulemba kuti palibe disiki."

Magetsi anali atazima kuyambira madzulo a dzulo lake mpaka m'mawa. Mu BIOS, podina F2, SSD inkaoneka, RAM 12GB inalipo, koma tsiku linali litabwerera zaka zambiri m'mbuyo ndipo njira yoyambitsira inali itachoka pa UEFI kupita pa Legacy, njira yakale. SSD ya GPT siyaka pa Legacy. Kabatire ka CR2032 ka pa bolodi, koyenera kukhala pa 3V, kanaonetsa 1.9V pa mita.

Ichi chinali chophonya cha ntchito yoyamba, ndipo chizindikiro chake chinalipo: mnyamata uja anatchulapo kuti nthawi zina wotchi ya kompyuta imasokonekera. Kabatireka sikagwira ntchito chingwe chikakhala pa khoma ndipo magetsi alipo; kamanyamula katundu magetsi akazima kapena eni akazula chingwe usiku poopa ziphaliwali, zomwe kuno ndi za masiku onse. Windows yakale inali pa MBR (kagawidwe kakale ka disiki) ndi Legacy, choncho BIOS ikaiwala makonzedwe ake inkagwera pomwe Windows ili kale, ndipo vuto linabisala kwa zaka. Kusamukira ku UEFI ndi komwe kunaliika poyera. Pa makina a zaka khumi, bokosi likatsegulidwa, CR2032 isinthidwe nthawi yomweyo, makamaka ngati mukusintha njira yoyambitsira kapena ya SATA. Tinaika katsopano, kubwezera UEFI ndi AHCI, kukonza tsiku, n'kulemba makonzedwe awiriwo pa kapepala komata m'kati mwa chivundikiro kuti mmisiri wina adzawapeze.

Tsiku lomwelo mayiwo anauzidwa momveka bwino za malire omwe zida sizingachotse. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza la chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipu kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pomwe i3-4130 ndi ya m'badwo wa 4. N'chifukwa chinanso chomwe sitinathirire ndalama zambiri pa DDR3, yomwe singasamukire m'makina atsopano. SSD ndi disiki ya 1TB zidzasamuka.

Titayenderanso shopuyo patapita miyezi iwiri, mizere ya 05 ndi C5 pa madisiki onse awiri inali pa ziro, ndipo SSD inali yodzaza pang'ono kupitirira theka. Mafayilo a ntchito amakopedwa pa disiki ya kunja Loweruka lililonse poweruka, ndipo mayiwo amapita nayo kunyumba m'chikwama. UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, sanagulebe. DVD ija ili m'dilowa pamodzi ndi hadi disiki yakale, yomwe tinailemba ndi maka kuti isalowenso m'kompyuta.